Ndege anaiyamba ndi okonza njinga, ine ndakaona ndekha

Chinayamba kundipeza ndi fungo, ndegeyo ndisanaione bwino n'komwe. Tinali titatsamira kampanda ka matabwa, udzu uli wonyowa nsapato zanga zitalowa kale madzi, ndiye bambo wina wovala ovolosi yoyera anagwira pulopela ndi manja awiri n'kuikokera pansi mwamphamvu, injini n'kutsokomola kawiri katatu kenako n'kulira, utsi wotuwa n'kubwera ndi kamphepo kudzatiomba kumaso. Ine duu. Fungo limeneli ndikulidziwa ine. Ndinanunkhizanso kachiwiri poopa kuti mwina ndi tulo ta shifiti ya usiku tikundinamiza, koma ayi ndithu, nsatsi. Mafuta a nsatsi enieni omwe aja agogo anga ankayenga mumphika wakuda n'kumatipaka m'zikang'a nthawi ya June. Ku England kuno, pakati pa azungu okalamba onyamula makamera aatali ngati mipini ya makasu, ine ndikumva fungo la kuseri kwa nyumba ya agogo.

Malo ake ndi ku Old Warden, kamudzi kena ku Bedfordshire kufupi ndi Biggleswade, kumene kuli Shuttleworth Collection. Anandikoka ndi mnzanga wa kuntchito, iye zandegezi ndi matenda, ine ndinangoti bola ndikapitidweko mphepo kusiyana n'kugona tsiku lonse la ofu. Mwini wake anali Richard Shuttleworth, mwana wa kubanja lolemera amene anayamba kutolera magalimoto ndi ndege zakale mu 1928, n'kudzafa pa ngozi ya ndege mu 1940 ali ku RAF, gulu la asilikali a ndege la ku Britain, mayi ake n'kusunga zonse kuti chikhale chikumbutso cha mwana wawo. Kusiyana kwake ndi malo ena osungirako zakale n'koti ndege za kumeneku sizongopachika kudenga ayi, zambiri zimauluka mpakana lero.

Za nsatsizo ndinafunsa, inu simundidziwa ine pa nkhani yofunsa. Mkulu wina mwa anthu ongodzipereka pamalopo anandiuza kuti mainjini ambiri a nthawi ya nkhondo yoyamba ija anali a mtundu wa rotary, ndipo apa mumvetse bwino, si pulopela yokha imene imazungulira, injini yonse ndi masilinda ake imazungulira limodzi ndi pulopelayo, choima ndi shafiti ya pakati yokha basi. Ankatero kuti injini izidzikupiza yokha isatenthe. Tsono oyilo amalowa njira imodzi ndi petulo, nde pamafunika oyilo woti petulo sangamusukulutse, wa nsatsi ndi amene ankakwanitsa, koma oyiloyo sabwerera muthanki ayi, akangodzoza zitsulo amatulukira kunja n'kumawaza ponseponse, payiloti amene wakhala kumbuyo kwa injini popanda denga ali kalikiliki kumeza. Nde inu mukudziwa chimene mafuta a nsatsi amachita m'mimba. Nkhani imene amakonda kuseketsa nayo alendo ndi yoti anyamata aja akangotera liwiro lake linali la kuchimbudzi kkkk. Sikafu yoyera ija mumaiona pa zithunzi zakale sinali ya kutchena kokha, ankapukutira magalasi.

Koma chimene chinandikhazika chete chinali mu shedi. Muli Blériot XI ya 1909, ndege yakale kuposa zonse padziko lapansi imene ikuulukabe. Anthuni, kanthu kake. Thupi lake ndi timatabwa tinayi tating'ono tokokedwa ndi mawaya opingasana, theka lakumbuyo lili pambalambanda opanda chophimba moti umaona munthu amene waima tsidya linalo, mapiko ndi nsalu ndipo kuwala kukabwera kumbuyo umawerenga nthiti zonse zamkati, matayala ndi a masipoko ngati a njinga, mashoko ake ndi zingwe za mphira, tinene kuti malegeni basi. Injini ndi ya Anzani ya masilinda 3, mphamvu zake pafupifupi mahosipawa (hp) 25, ndipo Anzani mwini wakeyo anali wa mpikisano wa njinga asanayambe zopanga mainjini. Ndege ya mtundu womwewu ndi imene Louis Blériot anawolokera nyanja kuchoka kufupi ndi Calais kukatera ku Dover pa 25 July 1909, mphindi pafupifupi 37 ali pamwamba pa madzi, kampasi alibe, phazi lili ndi bala la moto, potera n'kuthyola miyendo ya ndege ndi pulopela yomwe, koma mapaundi 1,000 a nyuzipepala ya Daily Mail analandira. Tsiku limene ndinapitalo sinauluke, kunali kamphepo, imeneyi amangoitulutsa madzulo kukakhala bata lenileni ndipo olo atero imangodumpha pang'ono motsatira bwalo n'kuteranso. Nkhalamba sathamangitsa.

Nditaima pamenepo ndikuyang'ana masipoko aja, amene anabwera m'mutu mwanga ndi amalume.

Ine ndinakulira cha ku Lunzu, ndipo amene mumakudziwa mukudziwa kuti Chileka si patali, ndege zinkatidutsa pamutu zikamatsika ife n'kumathamanga kuzikuwa ngati atimva. Tinkapanga zathu za mapesi a chimanga, pulopela ya khungwa la phesi lomwelo yobaya ndi minga, ukathamanga nayo imazungulira. Koma m'mutu mwanga ndege yeniyeni inali chinthu cha anthu a mtundu wina, a mitu ina, zathu kuno zinali za lichero zija zimagwa m'bandakucha mafuta akatha kkkk. Ndiye amalume anga, achimwene awo a mayi, ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, bokosi la masipanala, beseni la madzi akuda lofufuzira pobooka chubu, solushoni, girizi wa m'chitini mpaka m'zigongono. Ndinene zoona pano, nditapita ku sekondale ndinkachita nawo manyazi. Anzanga akamadutsa ndinkayang'ana kumbali ngati sindikuwadziwa, chonsecho theka la fizi linkachokera mubokosi la masipanala lomwelo. Munthu ankawongola limu yopindika ngati chitenje chofinya, kumangomvetsera kulira kwa sipoko iliyonse akaikhudza ndi chala, ine osaona kuti pali nzeru pamenepo.

Nditabwerera kunyumba usiku umenewo ndinayamba kuwerenga, ndipo mwezi wonse sindinasiye. Kusukulu anangotiuza kuti Wright brothers, 1903, basi lembani. Sanatiuze kuti Wilbur ndi Orville Wright anali ndi shopu yokonza ndi kupanga njinga ku Dayton, Ohio, ku America, ndipo onse awiri ku yunivesite sanapondeko. Ndalama zonse zoyesera ndege zinkachokera mu njinga. Ndipo si ndalama zokha ayi, nzeru yeniyeniyo inachokera mu njinga. Anthu ambiri nthawi imeneyo ankalimbana n'kupanga chinthu choti chizikhazikika chokha m'mwamba ngati bwato pa madzi a bata. Iwowa ankadziwa kuti njinga siima yokha, ukaisiya imagwa, komabe mwana wa zaka 7 amaikwera chifukwa thupi limaphunzira, ndipo pokhota sumangopotoza handulo, umapendekeka. Nde anati ndege nayo izipendekeka pokhota, chofunika ndi kumupatsa wokwerayo njira yoilamulira. Otto Lilienthal wa ku Germany, amene ankauluka ndi mapiko opanda injini n'kumawongola pongosuntha thupi, anali atagwa n'kufa mu 1896, ndiye ankadziwa kuti vuto lagona pamenepo.

Njirayo inapezeka bwanji? Mu 1899 Wilbur ali mu shopu anali ndi kakatoni kakatali kochokamo chubu cha njinga m'manja, n'kumangokapotokola uku akucheza ndi kasitomala, kenako n'kuona kuti mbali imodzi ikaweramira pansi inayo ikuyang'ana m'mwamba. Basi, mapiko azipotokoka chomwecho, mbali imodzi inyamuke kwambiri kuposa inzake. Blériot ija ndinaiona ku Old Warden imakhota ndi njira yomweyi, waya amakoka phiko lonse n'kulipotokola. Katoni ya chubu, amwene. Zomwe zija amalume ankayatsira mbaula.

Anasankha kukayesera ku Kitty Hawk, North Carolina, chifukwa kuli mphepo yosadukiza, mchenga wogwerapo bwino, komanso kulibe anthu ambiri okuseka. Pali kankhani kena ka mu 1900 kamene ndimakakonda kwambiri. Wilbur sanapeze matabwa aatali amene ankafuna, ndiye nsalu ya mapiko imene anasokeratu inakula, anachita kubwereka mashini osokera kwa mayi Tate, akazi a bambo amene anamusunga kumeneko, n'kukhala pabwalo kumachepetsa. Atamaliza zoyesa zawo za chaka chimenecho anangochisiya chinthucho pamchenga, mayi aja n'kukasula nsalu, kuchapa, kusokera ana awo aakazi awiri madilesi. Mzimayi ameneyo ndi wakwathu ndithu olo munene bwanji.

Mu 1901 zinthu zinavuta, mapiko sankanyamula monga momwe mabuku ankanenera, anabwerako atagwa mphwayi. Apa ndi pamene ine ndimawavulira chipewa, chifukwa ambirife tikanati mwina talodzedwa, kapena tikanangokakamira kuti buku silinama. Iwo anati manambala a m'bukuwa tiwayeze tokha. Poyamba anamangirira wilo ya njinga chogona kutsogolo kwa handulo, kuikapo timapiko tating'ono, n'kumapalasa mumsewu kuti aone mphepo ikankha kati kwambiri, tangoganizani anthu a ku Dayton ankati chiyani. Kenako anakhoma bokosi la matabwa lotalika pafupifupi mamita 2, fani mbali imodzi, mkatimo masikelo opangidwa ndi masipoko ndi misumeno yakutha ya hakiso, n'kuyeza timapiko pafupifupi 200 ta maonekedwe osiyanasiyana, chilichonse kulemba m'kope. Chaka chotsatira chouluka chawo chopanda injini chinayenda bwino maulendo mazanamazana, n'kuonjezanso chiwongolero cha kumchira. Chinatsala ndi injini.

Apa ndi pamene pakulowa munthu amene ndalembera zonsezi, Charlie Taylor. Dzina limeneli ine ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Anali makaniko wolembedwa ntchito mu shopu ya njinga ija, malipiro madola 18 pa sabata. Makampani a mainjini a galimoto atalephera kuwapatsa injini yopepuka imene ankafuna, anangomuuza Taylor kuti tipange tokha. Mapulani enieni panalibe, ankangojambula pa kapepala n'kukakhoma pamwamba pa benchi. Masabata 6 injini inali italira, masilinda 4, thupi la aluminiyamu, mphamvu 12 hp, kulemera makilogalamu pafupifupi 80, pampu ya petulo inalibe, kathanki anakapachika m'mwamba petulo n'kumatsika yekha. Mphamvu yochoka mu injini kupita ku mapulopela awiri inkadutsa pa matcheni ndi masipuloketi, kachitidwe ka njinga komweko kungoti matcheni ake okulirapo, ndipo tcheni chimodzi anachipingasa kuti mapulopelawo azizungulira mosemphana ndege isamakokere mbali imodzi.

Nthawi yomweyo kunali bwana wina, Samuel Langley, mkulu wa Smithsonian, bungwe lalikulu la za sayansi ku America, wasayansi wotchuka, amene boma la America linamupatsa madola 50,000 kuti apange ndege. Pa 8 December 1903 ndege yake inaponyedwa kuchoka padenga la boti n'kugwera mumtsinje wa Potomac, kachiwiri kameneko, atolankhani akuonerera. Patangotha masiku 9, pa 17 December, kukuzizira koopsa, Orville anagona chafufumimba pa phiko lam'munsi n'kunyamuka, masekondi 12, mamita 37. Inde, kutalika kosakwana theka la bwalo la mpira. Anauluka kanayi tsiku limenelo mosinthana, komaliza Wilbur anakhala m'mwamba masekondi 59 n'kuyenda mamita 260, kenako ali chiimire kukambirana mphepo inainyamula ndege ija n'kuigubuduza, sinaulukenso mpaka kalekale. Oonerera anali anthu 5 okha, ndipo amene anajambula chithunzi chotchuka chija anali asanagwirepo kamera. Ndege yonseyo sinadye olo madola 1,000. Taylor kunalibe, anatsala ku Dayton kuyang'anira shopu, njinga za anthu zinkafunikabe kukonza.

Sindikufuna kuwasandutsa angelo ayi. Atapambana anauma mtima, zaka zambiri zinathera m'makhothi kulimbana ndi wopanga ndege mnzawo Glenn Curtiss ndi ena pa nkhani ya umwini wa nzeru yopotokola mapiko ija, moti a ku France anawapitirira iwo ali kalikiliki ndi maloya. Ndipo munthu woyamba kufa pa ngozi ya ndege ya injini, Thomas Selfridge, anafa mu 1908 atakwezedwa ndi Orville yemweyo pulopela itang'aluka. Wilbur anamwalira mu 1912 ndi typhoid ali ndi zaka 45 zokha. Nawo a Smithsonian anakakamira kwa zaka kuti ndege ya bwana wawo ndi imene inali yoyamba kukhala yotha kuuluka, Orville anapsa mtima n'kutumiza ndege yake ku London mu 1928, inakhala ku Science Museum mpaka 1948.

Nditamva zimenezo ofu yotsatira ndinakwera sitima wa ku London, kulowa n'kwaulere. Yeniyeniyo inabwerera kwawo, pano pali yofanizira, koma matcheni aja ndinawaona ndipo ndinajambula. Pomwepo palinso ndege ya mtundu wa Vickers Vimy, yeniyeni imene Alcock ndi Brown anawolokera nayo Atlantic osatera mu June 1919, kuchoka ku Newfoundland maola pafupifupi 16 n'kukatitimira m'dambo ku Clifden, Ireland, ataona ngati ndi bwalo la udzu wabwino. Chimene chinandikoka pa Vimy n'choti mtundu womwewu unadutsa kufupi ndi kwathu. Mu February 1920 anyamata awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, ananyamuka ku England pa Vimy yotchedwa Silver Queen kulowera ku Cape Town. Yoyamba inaphwanyika asanafike n'komwe ku Khartoum, anapatsidwa ina ku Cairo, imeneyo n'kutsika nayo kudzera ku Abercorn imene pano ndi Mbala, Ndola, Broken Hill imene pano ndi Kabwe, Livingstone, mpaka ku Bulawayo kumene inagwa ponyamuka, italemedwa, pamalo okwera mpweya uli wopepuka. Anamalizira pa ndege yachitatu yobwereka, kufika ku Cape Town pa 20 March, onse awiri n'kupatsidwa u-Sir.

Koma funso langa ndi loti, m'tchire lonselo ankatera pati? Mabwalo aja anachita kulambulidwa chaka cha 1919, ndi manja, anthu akumudzi kudula mitengo, kuzula zitsa, ndipo ku Ndola kugumula zulu. Amene munaona zulu za ku Copperbelt mukudziwa kuti si zathu zija timakwerapo poweta mbuzi, ndi mapiri aang'ono. Mazana a anthu ndi makasu ndi madengu miyezi ingapo, kuti ndege idzatere kamodzi n'kupitirira. Mayina a oyendetsa ali pa zipilala, a okumba zulu palibe anawalemba. Kwathu nakonso kunali kanthawi kake, mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya ku Britain ya BOAC zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wochoka ku Southampton kupita ku Vaal Dam kufupi ndi Johannesburg, pafupifupi chaka chimodzi chokha zinthu n'kutha chifukwa ndege zotera pamtunda zinali zitalanda msika. Ndimangoganiza asodzi a pa Chembe m'mabwato awo kuona chinyumba cha mainjini 4 chikutsetsereka pamadzi.

Taylor uja mapeto ake sanali abwino. Ndalama zimene anasunga zinalowa m'madzi nthawi ya mavuto a zachuma a m'ma 1930, anakalamba ali wosauka ku California, mpaka mtolankhani wina anachita kumupeza m'chipatala cha anthu ovutika mu 1955, makampani a ndege n'kuchita manyazi kusonkha ndalama. Anamwalira pa 30 January 1956, tsiku lomwelo limene Orville anamwalira zaka 8 m'mbuyo mwake. Pano ku America amakaniko a ndege amakumbukira tsiku lake lobadwa, 24 May, bola pamenepo.

Lamlungu lapitali ndinaimba kumudzi pa WhatsApp, foni ya msuweni wanga, n'kumuuza kuti awapatsire amalume. Akalamba tsopano, maso akuvuta, pansi pa mango paja pali mnyamata wina amene anamuphunzitsa okha ndipo ntchito yachuluka ndi akabazawa. Ndinali nditakonzeka kulankhula zambiri, mwinanso kupepesa za kale zija, koma pakamwa panangouma, ndinangoti amalume mwaona zithunzi ndatumizazo? Ndege yoyamba imeneyo, anapanga ndi anzanu okonza njinga. Anakhala chete, ndikumva msuweni akuwakulitsira chithunzi, kenako anati, "Iwe, tcheni ichi achipingasa dala?" Ine eya amalume, kuti mapulopela azisemphana. "Hmm. Chimadya msanga chimenechi, pamene chakumanapo apa. Achilowetsa m'paipi eti, chabwino, anaganiza. Koma girizi wake ankathira pafupipafupi ameneyo." Za masekondi 12, za Langley, za nsatsi, zonse ndinawauza, anangoseka pa za kuchimbudzi zokha. Pomaliza anati ukamabwera December udzanditengereko kasipanala komangira masipoko kabwino, aka n'kogula pa msikaka kakungozungulira pa nipo, ndiye kadzakhale ka chitsulo chenicheni osati zopepukazi. Ndakagula kale tiwiri.